Maikolofoni Imodzi ya aMbewe

Atsibweni anga, aLazalo Mbewe, tinawaika m'manda chaka chatha nthawi ngati ino, thonje litayamba kuyera m'minda. Sabata ino abale akhala pansi nkugwirizana kuti chipinda chawo chojambuliramo nyimbo achizire mwatsopano, azisungiramo mabelo a thonje. Ine ndakana. Akuti ndine wamakani, ndipo sindikutsutsa, chifukwa kumene ndinawatenga makaniwo ndikukudziwa. Koma popeza pamsonkhanopo aliyense amayankhula nthawi imodzi, chinthu chimene malemuwo sakanalola, ndaganiza zolemba, kuti wofuna kumva amve chifukwa chake pansi pa chipinda chija sipayenera kupita dothi lina.

Anthu a pa Chadiza anayamba kuwakayikira mutu tsiku limene anasasula malata. Anali atangobwera kumene kuchokera ku migodi, zaka zija zipani zitayambanso kuchuluka, anthu akuchotsedwa ntchito m'magulumagulu. Kumeneko ankagwira za mawaya ndi zokuzira mawu mu holo ya antchito, ndiye oimba onse odutsa m'holomo anadutsa m'makutu mwawo. Nyumba ya njerwa ndi malata anali ataimangitsa kale kunja pang'ono kwa boma. Atafika analowa m'chipinda chachikulu, nkuwomba m'manja kamodzi, nkupendeketsa mutu ngati nkhuku yomva kabawi. Anawombanso kachiwiri. M'mawa mwake tinawaona ali padenga ndi hamala.

Akazi awo, aNaphiri, anaima pabwalo manja ali m'chiuno.

"Bambo, anzathu akuchoka ku udzu kupita ku malata. Ife tikubwerera?"

"Kogona kwanu sindikhudzako, mayi. Koma kuno malata akuyankha. Dzuwa likatentha amathetheka, mvula ikagwa amaimba yawo. Ine malata sindinawaitane ku kwaya."

Chipindacho anachifolera ndi udzu wochindikala, m'makoma anapachika mphasa ndi mabulangete a salaula, malata aja nkukafolera khola la nkhumba. Chaka chathunthu anthu opita kumsika ankaima pamsewu nkumaloza nkhumba za aMbewe zogona m'malata, eni ake ali m'udzu. Iwo ankangowakwezera chipewa.

Mkangano wachiwiri unali wa sefa. ANaphiri anaifunafuna sefa yawo ya ufa masiku atatu, mpaka kuyamba kuganizira anansi osalakwa, nkudzaipeza itamangiriridwa kutsogolo kwa maikolofoni, ataiveka sokosi yopyapyala ya akazi. Atsibweni anafotokoza modekha kuti munthu akamatchula mawu monga phiri kapena mphepo, mpweya wake umamenya maikolofoni ngati chibakera, ndiye sefa ndi yotchinga. ANaphiri anafunsa ngati maikolofoniyo ndi imene iziphika. Sefa sinabwerere kukhitchini, anachita kugula ina.

Zida zawo zinali zochepa, moti mlendo ankatha kuyang'ana uku ndi uku kufuna situdiyo ali kale m'kati mwake. Munali makina awiri a kaseti, batire ya galimoto imene ankakatchajitsa ku boma pa njinga, mahedifoni omanga ndi mphira, maikolofoni imodzi, ndi kachitini. Maikolofoniyo inali yakale, yotuwa, yobonyoka pamutu. Anaigula kwa gulu lina loimba limene linapasuka ku migodi komweko, ndipo inadya ndalama imene abale tonse tinkayembekeza kuti agulira ng'ombe yokoka ngolo. Sankaiimika pansi ayi. Ankailendeweretsa kuchokera ku mtanda wa denga ndi mphira za chubu cha njinga, pakuti ankadziwa kuti makwaya athu saimba mapazi ali chete.

Kachitiniko kanali ka mabisiketi, koma m'kati mwake anapangamo okha kaampu kakang'ono kamene amisiri amati piriampu. Mawu akatuluka mu maikolofoni amakhala ofooka kwambiri, ndiye kaampuka kamawalandira ndi kuwakuza asanalowe mu kaseti. Zipangizo zake ankazitola m'mawailesi akufa. Ankatha kuzula mathiranzisita khumi, kuwayesa limodzilimodzi ndi khutu, asanu ndi anayi nkuwataya mu nsengwa. Chitsulo chowotcherera ankachitenthetsa pa mbaula. Magetsi sankawafuna, kachitiniko kankayendera mabatire a tochi.

Adani awo anali awiri, ndipo onse anawapatsa mayina. Kaphokoso ka siii kamene kamamveka pansi pa nyimbo ankakatcha mvula. Kulira kwa mmm kumene amabweretsa magetsi ndi mawaya oipa ankakutcha njuchi. Munthu akabwera ndi kaseti yojambulidwa kwina kuti aisirire, ankamvetsera pang'ono nkumufunsa ngati anaimbira pa mvula kapena pafupi ndi mng'oma.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi, ndipo tonse tinachimva mpaka kutopa nacho. Ankati ngati ndalama ndi yochepa, uiike pakhomo pamene mawu amalowera. Uyambe ndi maikolofoni, kenako kaampu kowalandira, kenako chipinda, zina zonse zidikire, chifukwa mawu akawonongekera pakhomo palibe batani lililonse m'katimo lingawachiritse. Ankati ndalama ya mamaikolofoni asanu ndi imodzi abodza ndi bwino ugulire imodzi yonena zoona. Ankaseka anthu oyamba kugula masipika aakulu ngati nkhokwe, amati amenewo akungolipira kuti zolakwa zawo zimveke mpaka ku chigayo.

Ndinawaonapo kamodzi akusankha. Ine ndinkapita ku Chipata pa nkhani za kusukulu kumene ndimaphunzitsa, iwo ankafuna maikolofoni yachiwiri ya ng'oma, ndiye tinakwera minibasi imodzi, kachitini kali pamiyendo pawo ngati mwana wopita naye kusikelo. M'sitolo ina wogulitsa anawatulutsira yonyezimira, ili m'bokosi la nsalu yofiira.

"Iyi ndiye yeniyeni, bwana, yakunja. Tangomvani kulemera kwake."

Atsibweni anapempha kuti athimitse wailesi ndi fani. Anailumikiza ku kachitini, nkuvala mahedifoni. Sananene halo halo ngati mmene timachitira ena tonse. Anagwedeza bokosi la machesi chapatali, anasisita chogwirira ndi chala, anapinda waya uku ndi uku, kenako anakweza chala chimodzi kuti tonse tikhale chete, nkumamvetsera popanda woyankhula. Ogula ena anaima ngati ali m'pemphero. Atamaliza anapotokola mutu wa maikolofoniyo mwini wake akuona, nkuigwedezera pa kauntala. Munatuluka kachidutswa ka chitsulo kamene anamatamo ndi guluu.

"Kulemera kwake ndi uku, achimwene. Chitsulo chotere kwathu tili nacho chambiri, timasulira makasu."

Anatitulutsa m'sitolomo mwamanyazi, koma m'minibasi atsibweni anali osangalala ngati agula. Anandiuza kuti kukuwa maikolofoni iliyonse imatha, koma khalidwe lake umalidziwa pamene munthu akunong'ona, ndi pamene palibe woyankhula. Yachiwiriyo sanaigule mpaka kumwalira kwawo.

Tsono ukakhala ndi maikolofoni imodzi, oimba khumi ndi anayi, sungakweze uyu nkutsitsa uyo ndi mabatani. Atsibweni ankasakaniza mawu ndi mapazi a eni ake. Aliyense ankayamba waimba mzere umodzi payekha. Iwo ankamvetsera, nkumuyendetsa, uyu kutsogolo, uyu kumbuyo, uyu cham'mbali, wamawu aakulu kutali, wamawu aang'ono pafupi. Akakhutira ankagwada nkukhomera chitsekerero cha botolo m'dothi, pa chala chachikulu cha munthuyo, nkulembapo chilembo choyamba cha dzina lake ndi msomali. Nchifukwa chake pansipo anakana simenti, pankangozirwa. Gulu likamaliza kaseti yake ankazula zitsekerero zonse, aNaphiri nkuzira, kudikira ena. Anajambula makwaya a masukulu, oimba mabanjo ochokera kumidzi, ngakhale khansala wina wa mawu ngati ng'ombe amene anamuimika pawindo. Anthu ankang'ung'udza koma ankamvera, mpaka pamene inabwera kwaya ya amayi ya mpingo wathu.

Ine ndinkaimba m'kwayamo. Kaimidwe kathu palibe analemba, koma aliyense ankakadziwa. Patsogolo pakati pankaima Amayi Busa, mkazi wa abusa athu. M'mbali mwawo akazi a akulu ampingo ndi a mabwana a ku ofesi, kenako ife aphunzitsi ndi amalonda, kumbuyo kwenikweni amene anabwera kumene kuchokera ku za kumudzi. Kumapeto kwa mzere wakumbuyowo kunkaima aNabanda. Kwawo kunali kwa Zingalume, amuna awo anali oimba ng'oma za gule, ndipo iwo kwa zaka zambiri ndi amene ankayambitsa nyimbo za amayi pabwalo gule akatuluka. Amunawo atamwalira anasamukira pafupi ndi boma, nkumagulitsa miphika yadothi pamsika, nkulowa mpingo. Anabatizidwa ngati tonsefe, koma ankanong'onedwa kuti mawu awo akununkhabe bwalo. Ndinaima mizere iwiri patsogolo pawo zaka zitatu, ndipo ndikuvomera kuti mawu awo sindinkawadziwa.

Tinkafuna kaseti yokagulitsa ku msonkhano waukulu wa mipingo yathu. Tinafika m'mawa, titavala yunifolomu, abusa ali patsogolo atanyamula kachikwama. Anatulutsamo maikolofoni yagolide yopanda waya imene anabwera nayo ku Lusaka, ndi kabokosi kobwereza mawu.

"AMbewe, iyi agwira Amayi. Enawa agwiritsa yanuyo."

Atsibweni anaiyesa monga mwa nthawi zonse, machesi, chala, kenako chete.

"Abusa, umu muli mvula, ndi njuchi zomwe. Iyi ndi ya pamsonkhano, yoitanira anthu a kutali. Isungeni, pa ntchito yake ndi yabwino."

Abusa anaibweza m'chikwama. Tinayamba kuimba mmodzimmodzi. Amayi Busa ndi amene anayamba, ndipo ndinene zoona, mawu anali nawo, aakulu, oyera, osaphonya. Atsibweni anavula mahedifoni mwamsanga nkunena kuti, "Mayi, inu Mulungu anakupatsani ampu yanuyanu." Anawatsogolera masitepe asanu ndi imodzi mpaka pafupi ndi khomo, nkukhomera chitsekerero. Amayiwo anaganiza kuti awaimika podikirira, ndiye anangomwetulira. Enafe tinamwazidwa m'chipindamo mosayang'ana kuti mwamuna wa uyu ndi ndani. Ine anandiika masitepe anayi chakumanzere, nkundiuza kuti ndichepetse kuphunzitsa poimba.

ANabanda anali omaliza. Anaimba mzere wawo ataweramitsa mutu, motsitsa, moti enafe tinayamba kale kucheza. Atsibweni anakweza chala chija.

"Bwerezani, mayi."

Anabwereza.

"Senderani."

Anasendera pang'ono, akuyang'ana kwa abusa.

"Senderaninso. Musaope, siiluma."

Anawasendeza mpaka anafika sitepe imodzi kuchokera pa sefa, patsogolo pa tonse, pakati penipeni. Atsibweni anagwada nkukhomera chitsekerero. Kugogoda kwa kahamala kaja kunamveka chipinda chonse, chifukwa macheza onse anali atatha.

"AMbewe," anatero abusa, "mwina dongosolo la mpingo wathu simukulidziwa."

"Dongosolo la mpingo ndi la kutchalitchi, abusa, ndipo kumeneko sindilowerera. Muno timatsata khutu."

ANabanda anagwada pomwepo nkuwomba m'manja mwaulemu. "Bambo, musandiyambanitse ndi anthu. Kumbuyo ndinazolowera."

"Sindikukukonderani, mayi, sindikukudziwani nkomwe. Mawu anu ndi aang'ono, mukaima kumbuyo kaseti siikupezani, ndipo nyimboyi ikhala yopanda mchere. Amayi Busa ngakhale ataima kutali kwa Mlolo uko tiwamva."

Ena anaseka osafuna, ndipo kusekako ndi kumene kunawononga zinthu. Nkhope ya abusa inasintha. Atsibweni ataona choncho anati tiimbe kawiri, koyamba mwa dongosolo la kutchalitchi, kachiwiri pa zitsekerero, makutu aweruze. Koyambako kasingano ka makina koonetsa kukula kwa mawu kanakakamira pofiira osabwerera. Atailiza kasetiyo, mawu a Amayi Busa ankang'ambika ngati nsalu yakale, enafe tikumveka ngati tili mudzi wina.

Kachiwiri aliyense anaima pa chitsekerero chake. ANabanda anayambitsa. Mawu awo sankalumphira pa nyimbo ngati athu, ankaikwera pang'onopang'ono kuchokera pansi, nkumagwedera pothera, ndipo mawu a Amayi Busa ankabwera kuchokera kukhomo kudzawafunditsa osawapsinja. Nyimbo imene tinaimba zaka zitatu ndinaimva koyamba tsiku limenelo. Vesi yachiwiri ndinalowa mochedwa.

Atsibweni atabweza kaseti, abusa anakweza dzanja.

"Musavutike, sindimvera. Iyi si nkhani ya makutu. Mawu amene ankaimbira gule sangatsogolere kaseti ya Ambuye."

Atsibweni sanatsutsane nawo. Anatenga mahedifoni, nkupita nawo kukhomo mpaka pamene waya anathera, nkuwapereka ndi manja awiri kwa Amayi Busa. Tonse tinayembekeza kuti akana. Analandira, nkuvala pamwamba pa duku, nkumvetsera nyimbo yonse maso ali pansi. Itatha anavula, nkunena zikomo basi.

Abusa ananena mawu awo omaliza. Mwina aNabanda abwerere kumbuyo ndipo Amayi aime pamalo pawo, kapena kwaya ikajambula ku Chipata, ndipo munthu wa mpingo wathu sadzapondanso m'chipinda chino. Atsibweni ankadziwa bwino tanthauzo lake. Ntchito yawo yambiri inali ya makwaya, ndipo abusa a pa boma amamverana. Ankangofunika kuzula chitsekerero chimodzi chokha.

"Khomo ndi lomwe munalowera lija, abusa," anatero. "Potuluka musamale chitsekerero cha Amayi, musachipalase ndi nsapato."

Tinatuluka tonse. Inenso ndinatuluka. Ndinasiya mlongo wawo wa amayi anga ali okha m'chipindamo, mahedifoni ali m'manja, chifukwa ndinkaopa kutchulidwa dzina pa guwa. Manyazi ake ndili nawo mpaka lero.

Lamlungu lotsatira zinalengezedwa, ndipo mipingo ina inatsatira. Kwaya inapita ku Chipata popanda aNabanda, nkubwerako ndi kaseti ya mawu obwerezabwereza ngati tikuimbira m'chitsime. Ndisaname, kumsonkhano inagulidwa ndithu. Atsibweni anabwerera ku ntchito yokonza mawailesi ndi matochi, nkhumba zija nkumatha imodziimodzi. ANaphiri ankawachonderera kuti apite akapepese, ntchito ibwerere. Iwo ankayankha kuti sangapepese chifukwa choti makutu awo ndi abwino. Ankaletsanso kuzula zitsekerero zathu. Amati ntchito ija sinathe, kwaya yangotuluka kukapuma. Oimba ochepa amene ankabwerabe ankawalembera malo ndi khala.

Cholakwa chimene ankavomera chinali chimodzi chokha, nthabwala ya kwa Mlolo ija. Ankati Amayi Busa ndi woimba weniweni, sanayenere kusekedwa pagulu. Anawatumizira nkhuku yopepesera, inabwezedwa. Anaitumizanso, inabwezedwanso. Kachitatu sinabwerere, ndipo atsibweni anayenda sabata yonse akuimba likhweru.

Kaseti ya nyimbo imodzi ija anakaipereka kwa aNabanda pamsika, pakati pa miphika, amati mawu ndi awo, iwo alibe nawo gawo. Koma aNabanda analibe wailesi. Ndiye Lachisanu lililonse akaweruka pamsika ankapatukira kwa atsibweni, kaseti itakulungidwa pa nsonga ya chitenje, nkukhala pa mphasa kumvetsera. Pa Chadiza sipabisika kanthu. Anaitanidwa kubwalo la mpingo, anafunsidwa ngati asiye, anakana, ndipo anadulidwa.

Nditamva ndinapita kwa atsibweni mtima uli pamwamba. Ndinawapeza pakhonde akupemerera mbaula.

"Atsibweni, makani anu adulitsa munthu mu mpingo. Inu mulibe mpingo, simutaya kanthu. Iwowa akamwalira adzawaimbira ndani?"

Atsibweni anangotembenuza chitsulo chawo pamakala, nkuchitembenuzanso. Sindinadziwe kuti aNabanda anali m'katimo. Anatuluka akumanga kaseti pa chitenje.

"Aphunzitsi, musawadzudzule bambowa. Ine ndayamba kuimba ndili mtsikana, koma sindinadzimvepo. Ndinkangomva anthu akunena kuti mawu anga ali chakuti, ali chakuti, mpaka nanenso ndinayamba kuwaopa. Tsopano ndadzimvera ndekha. Mulibe chiwanda m'mawu aja, aphunzitsi. Muli ine ndekha."

Anatsanzika nkumapita. Atsibweni anati atapatsidwanso tsiku lija akhoza kukhomera chitsekererocho pamalo omwewo, mwina nkuchisendezanso pang'ono.

Panapita zaka zinayi. Anadwala chifuwa nyengo yozizira, sabata ziwiri zokha, nkutisiya. Thupi tinaligoneka m'chipinda chojambuliracho chifukwa ndicho chinali chachikulu. Mpingo wotsogolera maliro panalibe, pakuti iwo sanali a mpingo uliwonse, ndipo chiletso chija chinali chisanachotsedwe. M'mawa wa tsiku loika, amayi tinakhala pa mphasa m'mbali mwa makoma. Wina ankayambitsa nyimbo, inkayenda pang'ono nkufa. ANabanda anali pakona, kumbuyo kwa onse, atafunda chitenje kumutu.

Dzuwa litakwera, pakhomo panada. Anali Amayi Busa, opanda yunifolomu, opanda amuna awo, kumbuyo kwawo kuli amayi a kwaya asanu ndi awiri. Anagwada kwa aNaphiri nkupepesa maliro, kenako anapempha ngati angapinde mphasa. Anthu anayang'anana, koma aNaphiri anavomera. Mphasa zitachoka, zitsekerero zija zinaonekera, zadzimbiri, chilichonse pamalo pake. Amayi Busa sanachite kufunafuna. Anabwerera kukhomo nkuima pa chawo. Enafe tinadzuka, aliyense nkupeza chake.

"ANabanda," anatero Amayi Busa, mawu awo aakulu aja atawatsitsa, "malo anu mukuwadziwa."

ANabanda anadzuka, nkudutsa pakati pathu, nkukaima sitepe imodzi kuchokera pa sefa, bokosi lili pambali pawo. Anayambitsa nyimbo yomwe ija. Ukalamba unali utawachepetsanso mawu, koma m'chipinda cha udzu ndi mphasa chija munamveka chilichonse, ngakhale kupuma kwawo. Amuna amene anali panja anasiya kukamba za manda nkubwera pawindo. Maikolofoni inali ikulendewera pomwepo patsogolo pawo, koma batire inali itatha kalekale, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuyatsa kachitini. Kuimba kwabwino kuposa konse kumene kunachitika m'chipinda chija sikunajambulidwe. Ndinalira maliro, koma ndinaliranso ndi mkwiyo, kuti tinadikira mpaka mwini makutu atagona m'bokosi.

Zimene Amayi Busa anakambirana ndi amuna awo atabwerera kunyumba sindikuzidziwa. ANabanda sanabwezeretsedwe mu mpingo mpaka lero, ndipo sanapemphe. Akugulitsabe miphika, kaseti ija ili m'kachitini ka mafuta pansi pa mphasa yawo.

Dzulo ndinapempha kiyi kwa aNaphiri nkulowamo. Udzu wa padenga wayamba kulendewera pakona imodzi, ndipo chiswe chakwera mphasa ya kukhoma la kumadzulo. Mabulangete akununkha fumbi. Makina a kaseti anawafunditsa thumba la feteleza, kachitini ka mabisiketi kali pamwamba pake, mahedifoni ali pa msomali, mphira yake itauma. Maikolofoni ikulendewerabe, koma mphira imodzi inaduka, ndiye yapendekeka, ikuyang'ana pansi. Sokosi ya pa sefa inadyeka ndi njenjete. Ndinawomba m'manja kamodzi monga ankachitira, palibe chinayankha.

Pansi ndi pomwe sipanasinthe. Zitsekerero zonse khumi ndi zinayi zilipo. Cha kukhomo chikuwala pang'ono chifukwa aliyense wolowa amachiponda. Cha kutsogolo chili sitepe imodzi kuchokera pa sefa, chilembo chake chikuwerengekabe ukawerama. Changa chili masitepe anayi chakumanzere, pamene ndinachoka tsiku lija osatembenuka. Abale akuti abwera Loweruka m'mawa ndi dothi lawo ndi madzi. Abwere, andipeza nditaima pomwepo.